A Domingos ndi Bola ya ku Kansas

Ku doko la Feira, pamene madzi ofiira a Luangwa amakumana ndi a Zambezi, injini ya boti ikakana kulira anthu amaitana a Domingos Saizi. Malo awo ndi pansi pa msau wina kuseri kwa mathandala oyanikira nsomba. Ndi munthu wamtali, wotsimphina pang'ono mwendo wamanzere, ndipo salankhulalankhula. Amene anafika ku Feira posachedwa amayesa kuti anabadwa choncho. Akale amadziwa kuti inalipo nthawi imene a Domingos akayamba nkhani, ngakhale asodzi a pakati pa mtsinje ankaimva.

Anabadwira kutsidya, kwa Zumbo. Anaoloka ali mwana nthawi ya nkhondo, atagona pansi m'bwato, amayi awo atawafunditsa chitenje. Atate awo anatsalira ndipo sanaonekenso. Ku Feira anakula monga ana ena onse, kuwedza, kutola masau, kupirikitsa anyani m'minda ya mapira. Koma kamkangano kalikonse kakabuka, mawu anali omwewo: "Iwe wakutsidya, khala chete." Ulemu anayamba kuupeza pa bwalo la bola, mpira wa miyendo. Anali kipa wa timu ya asodzi, wosaopa kudzigwetsa pa nthaka youma gwa ya mwezi wa Okutobala, mpaka tsiku lina bondo linaguluka. Atasiya kusewera anatenga pito nakhala woyimbira masewero a Lamlungu, ndipo ntchito ya injini anaiphunzira kwa mkulu wina wa ku Tete. Anakwatira Emelina wa kwa Mphuka, mayi wofatsa wogulitsa nsomba zouma za pende. Anabereka ana aakazi atatu, kenako wamwamuna, Edmilson, amene aliyense ankangomuti Edi.

Edi anatengera amake kufatsa, koma mwendo unali wa atate ake. Nayenso anali kipa ku sekondale. Akaika bola pansi n'kuimenya, inkadutsa osewera onse n'kukagwera pafupi ndi kipa mnzake. Pa sukulupo panali mphunzitsi wa masamu wochokera ku America, amene ana anamutcha Chimtali. Iyeyu ataona mwendo wa Edi anatulutsa m'chikwama chake bola ina yosongoka uku ndi uku ngati dambe, nayamba kumuphunzitsa kuimenya madzulo aliwonse. Ankamujambula pa foni n'kutumiza kwa kochi wa koleji imene iye anaphunzirako. Popeza Edi analinso wanzeru m'kalasi, zinthu zinayenda. Mapepala anatenga nthawi, koma mu 2017 koleji ina yaing'ono ya mpingo, ya pakati pa minda ya tirigu ku Kansas, inamuitana kuti akaphunzire za nthaka ndi ulimi uku akusewera m'timu yake.

Asananyamuke, Edi anayesa kuwafotokozera atate ake.

"Baba, si bola yathu iyi. Kuja amaigwira na manja, amathamanga nayo, amagwetsana. Ine nchito yanga ni kumenya chabe, akaniitana."

"Nanga kipa sagwira na manja?" anatero a Domingos, akuseka. "Bola ni bola, mwana wanga. Iwe kamenye."

"Koma malamulo yake, Baba..."

"Ufuna kuphunzitsa ine malamulo? Ine wa pito?"

Edi anangomwetulira n'kusiya.

Masewero anayamba mwezi wa Seputembala. Lamlungu lililonse dzuwa likapendeka, ku Kansas kuli m'mawa, foni ya Emelina inkalira, ndipo a Domingos ankailanda asanathe ndi moni womwe.

"Mwawina?"

"Taluza, Baba."

"Iwe wagoletsa?"

"Namenya ziwiri, zonse zalowa."

"Basi, ndiye zimenezo!"

Timu ya Edi inali yofooka. Kochi anali watsopano, anyamata ambiri anali a chaka choyamba, ndipo mnyamata amene ankadalirika poponya bola anathyoka phewa masewero atangoyamba. Anagonja kwawo, anagonja koyenda, anagonja ngakhale kwa timu imene chaka chathacho inali yotsiriza. Edi ankasimba za maulendo aatali a pa basi pobwerera, munthu aliyense ali duu, zomvera nyimbo zili m'makutu. Ankasimba za mphepo yosatchingidwa ndi phiri lililonse, ndi nthaka imene ikazizira imalimba mpaka zala za kuphazi kuchita dzanzi. Nkhani zikafika pamenepo a Domingos ankapereka foni kwa akazi awo. "Kamba na amako za mphepo izo."

Tsiku lina Edi anati, moseka koma mwachisoni, "Mu timu yonse mapointi ambiri ni anga, Baba, chifukwa anzanga sakugoletsa."

Mawu amenewo anafika ku doko m'mawa mwake atavala zina. Edi anali wogoletsa wamkulu ku America. Azungu ankaimba dzina lake. A Domingos ankasimba atagwira sipanala, asodzi atawazungulira, amalonda a kwa Zumbo akudikira boti nawonso akutchera khutu. Za kugonja sanazitchule n'kamodzi komwe. Sanali kunama kwenikweni m'maganizo mwawo. Ankangoona kuti mwana wa munthu amene anaoloka atafundidwa chitenje wafika kumene ana a mabwana a pa boma sanafike, ndipo nkhani yotere siyenera kusimbidwa monong'ona.

Amene sankagwedezera mutu anali a Tenson Mwanza, mwini chinyumba cha malata choonetseramo bola ya ku Ulaya pafupi ndi msika. Pa unyamata wawo a Tenson anali wosewera kutsogolo m'timu ya pa boma, ndipo anali mmodzi wa amene ankakonda mawu aja oti wakutsidya. Tsopano anali atakula, mimba itatuluka, ndipo a Domingos ndiwo ankawakonzera jenereta. Koma kunyodola sanasiye.

"Ba Domingos, dishi yanga igwira maiko onse. Nanga mwana wanu sitimuona bwanji?"

"Dishi yanu ni ya Ulaya. America ili kutali."

"Timu yake ili pa namba chani?"

"Ikukwera."

Pakati pa Novembala, timu itagonja kasanu ndi kanayi motsatizana, Edi anaimba foni. Anali atasewera masewero otsiriza a chakacho.

"Musanifunse kuti tawina kapena taluza, Baba. Nikutumizirani kanema, muzaone mweka na maso anu."

Kanemayo anali pa fulashi, kachipangizo kosungiramo makanema, imene anapatsira mtsikana wina wa ku Lusaka wobwera kwawo ku Khirisimasi. Masabata onse odikirawo funso la Edi linali limodzi: "Yafika?" Inafika ndi kondakitala wa basi Loweruka lina la Disembala, mvula yoyamba itagwa kale. Nthawi imeneyo n'kuti a Domingos atamemeza kale dera lonse. A Tenson anavomera kuti tsiku loonetsa kanemayo anthu alowe ulere. Mbuzi inali itamangidwa kuseri kwa nyumba, mpunga utapetedwa.

Emelina anawakokera pambali amuna ake. "Awisi Edi, bwanji tiyambe taona tekha? Sitikudziwa zili mo."

"Anyina Edi, mwana wanga wobereka nekha nimulawe ngati ndiwo za pa msika? Anthu aone."

Lamlungu mapemphero atatha chinyumba cha a Tenson chinadzaza. Abale a Emelina anabwera pa mabwato kuchokera kwa Mphuka. Aphunzitsi ena a Edi anabwera, ndi anyamata amene anapalasa njinga kuchokera mbali ya Katondwe. Amayi, amene nthawi zonse salowa m'menemo, anapatsidwa mabenchi a kumanzere. Malata ankatentha, anthu akudzikupiza ndi makatoni. A Domingos anavala jekete ngakhale kunali kotentha choncho, nakhala pa mpando wa kutsogolo. A Tenson analowetsa fulashi.

Panaoneka bwalo la udzu wofota, lojambulidwa mizere yambirimbiri. Oonera anali ochepa, atafunda mabulangete. Kenako kunatulukira zimphona zovala zisoti ngati za okwera honda, mapewa otukuka ngati aikamo matumba a chimanga, nkhope zobisika kuseri kwa tizitsulo. Zinandandalika, zinawerama, zinagundana mitu, n'kugwerana mulu umodzi. Pito analira. Zinadzuka, zinakambirana, zinaweramanso.

"Yayamba kapena akali kukonzekera?" anafunsa mlamu wawo wa a Domingos.

Mmodzi wa zimphonazo anathamanga atakumbatira bola pachifuwa. "Wagwira na manja!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo, ndipo nyumba yonse inaphulika ndi phwete.

"Ba lefa, lizani pito!" anakuwa wina, akuloza a Domingos.

A Domingos anaseka nawo pang'ono, koma thukuta linali litayamba kuyenderera m'jekete. Panapita nthawi yaitali, zimphona zikungogundana ndi kuima, kugundana ndi kuima. Palibe amene anali atakhudza bola ndi phazi kuchokera pamene wina anaimenya poyamba paja, anthu akali kukhazikika.

"Edi ali kuti?" anafunsa a Tenson.

Kanema anatembenukira kunja kwa bwalo. Chapatali ndi anzake panali munthu mmodzi wochepa thupi, atavala chikhoti chofika m'mawondo, akumenyera bola mu kaukonde kakang'ono, n'kuitola yekha, n'kuimenyeramonso.

"Uyo!" anatero Emelina, ataimirira. "Uyo Edi wanga!"

"Wogoletsa wamkulu aseweretsa kaukonde ka matemba," anatero wina, ndipo anthu anasekanso.

Pambuyo pake munthu uja anavula chikhoti n'kuthamangira m'bwalo. Anthu onse anasolola makosi. Kutsogolo kwake kunali golo ya mitengo iwiri italiitali yokhala ndi mtanda pakati, yopanda ukonde. Kipa panalibe. Mnzake anagwada n'kumugwirira bola pansi. Edi anabwerera m'mbuyo pang'ono, nathamanga, namenya. Bola inakwera, inakwera, n'kudutsa pamwamba pa mtanda, kutali ndithu, kukagwera kuseri.

"Aaaa!"

Pa kanemapo amuna awiri a malaya amizeremizere anakweza manja onse m'mwamba. Anzake a Edi anamuthamangira n'kuyamba kumuwomba pa chisoti, wina pamsana.

"Onani, na malefa agwira m'mwamba, adabwa!"

"Anzake amumenya makofi!"

A Tenson anali atagwira mimba, misozi ikutuluka. "Golo yopanda munthu! Bola amugwirira na kumugwirira! Na ambuye anga amene ali kumanda akanagoletsa!"

Edi anabwerera ku chikhoti chake. Zimphona zinapitiriza kugundana. Patapita nthawi anamuitananso, ndipo anachitanso chimodzimodzi, pamwamba penipeni. Apa ngakhale aphunzitsi anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Kumbuyo wina anati, mosakweza kwambiri koma momveka, "Za akutsidya ni izi."

A Domingos anaimirira. "Uyo si mwana wanga."

Phokoso linatsika.

"Atumiza filimu yolakwika. Mwana wanga samenya bola tero. Nkhope mwaiona? Palibe waiona nkhope."

"Ni Edi uyo, awisi Edi," anatero Emelina. "Onani mayendedwe ake."

"Nakamba kuti si mwana wanga! Sinimudziwa uyo!"

Anatuluka akukankha mabenchi, nazungulira kuseri, nathimitsa jenereta. Ali pa njira anamva anthu akukuwa m'chinyumba muja. Sanapite kunyumba kumene mbuzi inali pa moto. Anakakhala ku doko, m'boti la munthu wina lokokeredwa pa mchenga. Alendo anadya okha, Emelina akuwagawira maso ali pansi.

Dzuwa likulowa, alendo atabalalika, anabwerera. Foni inali ikulira m'manja mwa Emelina. Anailanda.

"Baba! Mwaona?"

"Naona."

"Mpaka pothera?"

"Naona zokwana. Golo ilibe kipa, anzako akugwirira bola ngati kamwana, iwe umenya kumwamba. Kawiri! Feira yonse inali mo. Wanivula pa anthu, Edmilson."

"Baba, pamwamba ndiye..."

"Usaniphunzitse bola ine. Ngati ni izi unapitira, usanitumire foni futi."

Anadula, naponya foniyo pa mphasa. Emelina anaitola, naipukuta ndi chitenje.

Lamlungu lotsatira foni inalira, Emelina anakalankhulira kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo atabwerako sanati wakupatsani moni. Ku bwalo la bola kunabadwa mawu atsopano. Mnyamata aliyense akamenya bola n'kupitiriza pamwamba pa golo, oonera ankakuwa pamodzi kuti, "Kansas!" A Domingos ankamva ali pakati pa bwalo, pito ali kukamwa, n'kumachita ngati akuyang'ana wotchi. Ku doko anthu akawafunsa za Edi ankayankha za mtengo wa mapulagi. M'mtima mwawo ankadziona ngati munthu wolakwiridwa.

Mwezi wa Januwale kunagwa chimvula tsiku la bola ya ku Ulaya, dishi ya a Tenson n'kusiya kugwira. Anyamata anali atalowa kale, ndipo pofuna kuti asachite chipolowe a Tenson anakumbukira kuti fulashi ija inatsalira m'makina awo. "Tiyeni tiseke Kansas," anatero. Anaseka ndithu poyamba. Koma poti kunja kunali mvula, palibe anatuluka, ndipo kanema anapitirira pamene anathimitsidwira paja. Namwino wina amene anangobisalamo mvula ndiye anayamba kuloza pa ngodya ya kanema, pamene panali tizilembo ndi manambala. Anati aone bwino: Edi akamenya pamwamba, manambala a mbali imodzi akuwonjezeka.

M'mawa mwake a Tenson anapita okha ku doko. Anaima pafupi ndi msau uja atavula kapusi, chinthu chimene sanachitepo.

"Ba Domingos, tiyeni mukaone chinthu."

"Jenereta yafa?"

"Iyayi. Ni filimu ya mwana."

"Mufuna kuseka futi? Sekani mweka."

"Sinibwere kuseka. Tinalakwa tonse. Tiyeni chabe."

M'chinyumbamo munalibe munthu. A Tenson anathamangitsa kanema mpaka kumapeto, akufotokoza zimene namwino uja anatulukira: kuti m'masewero amenewa bola imayenera kudutsa pamwamba pa mtanda, pakati pa mitengo iwiri ija, kuti malefa akakweza manja ndiye kuti yalowa, kuti makofi a pa chisoti aja anali oyamikira. A Domingos anangoti chilili, osakhala pansi.

Pa kanemapo kunali kutayamba kugwa tinthu toyera touluka ngati phulusa la lupsa. Timu ya Edi inali m'mbuyo pang'ono, nthawi itatsala pang'ono kutha. Anamuitana. Ulendo uno golo inali kutali kwambiri, pafupifupi theka la bwalo. Oonera aja anataya mabulangete n'kuimirira. Edi anapukuta manja pa ntchafu, anayang'ana pansi, nathamanga. Bola inapita ikuzungulira, mphepo ikuikankhira kumbali, n'kudutsa pamwamba pa mtanda pafupi penipeni ndi mtengo wa kumanja. Malefa anakweza manja. Zimphona zonse zinathamangira kwa iye, zinamugwetsa, zinamudzutsa, n'kumunyamula pa mapewa. Kochi, bambo wa imvi, ankalira poyera. Anali masewero okhawo amene anapambana chaka chonsecho.

Wina anamuvula Edi chisoti. Nkhope inaoneka, yoonda kuposa mmene inachokera, milomo itang'ambika ndi mphepo. Anayang'anayang'ana mpaka anapeza wojambula, naloza chala, nakuwa mawu amene mwa anthu onse a pa bwalo lija panalibe wowamva: "Baba! Yalowa, Baba!"

A Tenson anathimitsa, nayamba kukonza mabenchi amene anali okonzeka kale. A Domingos anatuluka osatsanzika.

Nkhani inafalikira msanga kuposa yoyamba ija. Anthu ankalipira kuti aone mathero a kanemayo, ndipo Edi anasanduka ngwazi ya Feira. Amene anaseka anaiwala kuti anaseka. Chimene sanaiwale ndi mawu a munthu amene anaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti samudziwa mwana wake. Tsiku lina a Domingos akudutsa pa msika, mnyamata wina analira ngati tambala, masana dzuwa lili pamutu, anzake n'kumugwirizira. Aliyense wopita ku tchalitchi anamva tanthauzo lake. Lamlungu limenelo a Domingos anatumiza pito kwa akuluakulu a bola, nati bondo lawavuta. Sanaimbirenso masewero mpaka lero.

Emelina sanawadzudzule. Anangobwera ndi foni tsiku lina Edi ataimba, naiika m'manja mwawo, iye n'kukhala pa khonde pomwepo kuti amve.

A Domingos anatsokomola. Mawu anali atawakonza masiku ambiri akumasula mainjini, koma atamva mwana akupuma mbali inayo, onse anathawa. Bambo amapepesa bwanji kwa mwana wobala yekha? Iwo analibe atate oti akanaonerako.

"Edi. Kuno mvula yagwa maningi."

"Chabwino, Baba."

"Mtsinje wadzala."

"Namva. Apatseni Mama."

Zinakhala choncho zaka zingapo. Edi anaseweranso chaka chotsatira, timu inachitako bwino pang'ono, koma sanatumizenso kanema. Kenako anavulala m'chuuno n'kusiya bola, nalimbikira maphunziro. Atamaliza anapeza ntchito yoyeza nthaka m'mafamu a komweko. Mliri wa korona unatseka njira, ndipo anadzafika ku Feira mu 2022, nyengo yozizira, ali ndi ndevu ndi thupi la munthu wamkulu. Potsika basi amake anamukumbatira akulira, alongo ake akululutira. Atate ake anamupatsa dzanja, iye nalandira ndi manja awiri mwaulemu wonse, monga amachitira munthu ndi mkulu wa mpingo. Masiku otsatira anyamata ankabwera kudzamupempha kuti akawaonetse kamenyedwe kaja, a Tenson anamukonzera phwando, ndipo pa zonsezi a Domingos ankapeza injini yofunika kukonzedwa msanga.

Kutatsala pang'ono kuti Edi abwerere, a Domingos anati pali injini ya munthu wa kwa Zumbo yoti akaiyese pa madzi, ndipo akufuna wowathandiza kunyamula. Edi anavomera. Anaimanga kumbuyo kwa boti, nalowera pakati pa mtsinje, awiriwiri. Atafika pamene madzi a mitsinje iwiri amayenda moyandikana osasakanikirana, a Domingos anathimitsa injini. Boti linayamba kutengeka pang'onopang'ono.

"Yafa?" anafunsa Edi.

"Iyayi. Ili bwino." Anayang'ana pansi pa boti pamene panali timadzi. "Filimu ija ninaiona mpaka pothera."

"Mama ananiuza."

"Ninakamba zoipa pa foni."

"Za pa foni ninazimvetsa, Baba. Malamulo simunawadziwe, na ine sininafotokoze bwino." Edi anaviika dzanja m'madzi, nalitulutsa. "Koma tsiku lomwe lija anzanga ananilembera zimene munakamba kwa ba Tenson. Ninawerenga nili m'chipinda chochapira zovala. Anthu onse anali atapita kwawo ku Khirisimasi, pa koleji tinatsala atatu. Chaka chonse chija tinali kuluza, anthu a m'tauni anasiya na kutiyang'ana. Pali masewero ena amene tinaluza chifukwa cha ine, ninaphonya pafupi, sininakuuzeni. Chinthu chimodzi chabe chinayenda bwino, ndiye ninatumiza kwa imwe."

A Domingos anagwedeza mutu, osadzutsa maso.

"Ninadziuza kuti mwina zoona simunanizindikire. Chisoti chija chimabisa nkhope."

Apa panali pothawira, ndipo mwanayo ndiye anawatsegulira. A Domingos anaona zimenezo.

"Ninakuzindikira ukali mu chikhoti, amako asanakambe. Mwendo uja ni wanga, ningauphonye bwanji? Ninaopa kusekedwa, basi. Palibe china." Anasuntha pa thabwa limene anakhalapo, nagwada pansi pa boti ndi bondo lawo lovulala lija, m'timadzi momwemo, nayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, monga amaombera munthu kwa wamkulu amene wamulakwira. "Nalakwa, mwana wanga."

"Baba, nyamukani. Anthu a m'mabwato akuona."

"Aone."

Edi anatembenuza nkhope kuyang'ana mapiri a kutsidya. Sananene kuti wakhululuka, sananenenso kuti sanakhululuke. Pamenepo boti linakhula pansi n'kuima. Madzi anali atawatengera pa mchenga wobisika. Anatsika onse awiri, madzi ali m'mawondo, nakankha, wina uku wina uku, maso ali tcheru kuopa ng'ona. Litayandama, Edi anakwera msanga n'kutambasula dzanja kukokera atate ake m'kati. Pobwerera iye ndiye anagwira injini, atate ake akumulozera modutsa.

Edi anabwerera ku Kansas, kumene tsopano ali ndi mkazi ndi mwana wamkazi. A Domingos akali pansi pa msau wawo. Ana amene amakuwa kuti "Kansas!" ku bwalo lero sadziwa kumene mawuwo anachokera, ndipo tambala wa pa msika uja analeka kalekale, koma iwo akamapita kogula mafuta amazungulirabe njira ya kuseri kuti asadutse pa khomo la a Tenson. Foni imalirabe Lamlungu, ya Emelina. Masabata ambiri mayi ndi mwana amacheza n'kutsanzikana. Masabata ena, pothera penipeni, Edi amafunsa yekha kuti, "Baba alipo?" Emelina amatuma mdzukulu kukawaitana, ndipo iwo amabwera akufulumira ndi mwendo wawo wotsimphinawo, n'kulandira foniyo ataimirira.